Momwe mungachitire kuti Ramadan isakudutseni masiku amene simukumanga

Asalaam alaikum azimayi anzanga. Chaka chilichonse Ramadan ikamayandikira timamva maulaliki ambiri a daku (chakudya cha m'bandakucha), tarawehe (swala za usiku za mu Ramadan) ndi sadaka, koma nkhani ya masiku amene ife akazi sitimanga (sitisala kudya) imangotchulidwa mothamanga ngati ndi yochititsa manyazi. Ine ndili mtsikana ndinkadzuka daku ndi anthu onse m'nyumba ngakhale ndili kumwezi, kuopa kuti achimwene angadziwe, nde masana ndinkakadyera kuchipinda chitseko chokhoma, mtima uli phaphapha ngati ndaba. Koma chimene chimandiwawa mpaka pano ndi choti masiku 6 kapena 7 amenewo sindinkapanga chilichonse, ngakhale dua imene, ndinkangodziona ngati anditulutsa mu mwezi wonse. Mwezi wa masiku 29 kapena 30 basi, iwe nkutayapo sabata yathunthu. Izi ndi zimene ndimachita pano.

1. Dziwani kaye lamulo, mtima ukhale pansi

Mkazi amene ali kumwezi kapena ali mu nifasi atabereka samanga komanso saswali, ndipo uku sikufooka ayi, ndi kumvera. Amene anatilamula kumanga mu Surah Al-Baqarah ndime 183 mpaka 185 ndi Allah yemweyo amene anatipatsa thupi limeneli. Mayi Aisha (RA), mkazi wa Mtumiki Muhammad, atafunsidwa za nkhaniyi anafotokoza kuti nthawi ya Mtumiki (SAW) ankalamulidwa kubweza swaumu (kumanga) koma sankalamulidwa kubweza swala, hadith yake ili mu Sahih Muslim. Nde swala za masiku amenewo musadzivutitse nazo.

Pali tinthu tiwiri timene timasokoneza anthu. Msambo ukayamba dzuwa lisanalowe, olo patatsala mphindi 5 kuti azana ya Maghrib iitanidwe, tsiku limenelo mudzabweza. Zimawawa, ndikudziwa, zinandichitikirapo tende ali kale m'manja. Kwinaku, mukayera usiku Fajr isanakwane, pangani niya (kutsimikiza mumtima) ndipo mumange, ngakhale kusamba thupi lonse kwa ghusl mutasamba m'bandakucha utalowa kale, swaumu yanu ili bwinobwino.

2. Lembani masiku tsiku lomwelo

Musadalire mutu. Pofika Eid mudzakhala mukukangana nokha kuti anali 5 kapena 7. Lembani mu foni kapena pa kalendala, basi.

3. Nthawi za swala musazisiye zipite chabe

Apa mpamene panasintha zinthu kwa ine. Azana ikaitana, m'malo mopitiriza kutsuka mbale kapena kuseweretsa foni, ndimasiya zonse nkukhala pansi mphindi 10 pamalo pamene ndimaswalira paja. Sindiswali, koma zikiri (kumukumbukira Allah), istighfar (kupempha chikhululuko), kumufunira zabwino Mtumiki (SAW) ndi dua palibe amene anatiletsa. Ndimatchula ana anga mmodzimmodzi ndi mayina awo, makolo, ngongole imene ikundisowetsa tulo, mnzanga amene akudwala, zonse, m'chilankhulo changa chomwechi chifukwa Allah amamva. Ubwino wake thupi siliiwala ndondomeko, tsiku loyera ukabwerera pa mswala sukhala ngati mlendo. Kale ndinkati ndikayera, kudzuka Fajr kumandilemera ngati ndikuyamba kumene Chisilamu.

4. Qur'an isatseke

Ambirife timafuna kumaliza ma juzu (magawo a Qur'an) onse 30, imodzi pa tsiku, nde masikuwa akafika timangoti basi zakanika chaka chino. Pa nkhani yowerenga uli kumwezi mashehe amasiyana maganizo, ena amaloleza kuwerenga pamtima kapena pa foni osakhudza msahafu (buku lenilenilo la Qur'an), ena amaletsa, choncho tsatirani zimene munaphunzitsidwa ndipo musanyoze mnzanu amene akutsatira zina. Koma kumvetsera aliyense amavomereza. Ikani juzu ya tsikulo izilira mukuphika, kapena werengani tafsir ndi tanthauzo lake. Ine Surah Maryam ndinaimvetsa bwino m'masiku oterewa, nditakhala phee kumvetsera za mayi uja ali yekhayekha pansi pa mtengo wa tende ululu wa kubereka utamugwira, nkuuzidwa kuti adye, amwe, mtima wake ukhale m'malo. Ndinalira ndithu.

5. Idyani, ndipo dyetsani ena

Idyani bwino ndi kumwa madzi, thupi likutaya magazi. Sikuti muzitafuna pamaso pa anthu amene akumanga, ulemu ndi wofunika, koma kunamizira kumanga mpaka chizungulire palibe sawabu yake. Atsikana athu tiwauze zimenezi poyera, anyamatanso aphunzitsidwe kuti asamafunse mlongo wawo kuti bwanji lero ukudya.

Popeza mphamvu muli nazo kuposa anzanu, ino ndi nthawi yomupumitsa wina kukhitchini, kulawa mchere mopanda mantha, kapena kupatula mbale imodzi ya futali kupatsa munthu amene alibe chomasulira. Mu hadith ya Tirmidhi muli zoti amene wam'patsa chomasulira munthu womanga amapeza malipiro ofanana ndi ake, popanda kuchepetsa a womangayo. Koma chonde musasanduke wantchito wa nyumba yonse chifukwa choti simukumanga, m'mimba mukamapweteka gonani, abambo ndi ana nawonso manja ali nawo.

6. Zikakupezani mu khumi lomaliza

Izi nde zimaliritsa ambiri. Laylatul Qadr, usiku umene Surah 97 imati ndi wabwino kuposa miyezi 1000, timaufunafuna mu usiku wa 21, 23, 25, 27 ndi 29, nde iwe kuona anzako akunyamuka kupita ku tarawehe iwe uli pakhomo. Musagone ndi mkwiyo. Mayi Aisha yemweyo anafunsa Mtumiki (SAW) choti anene akaupeza usikuwu, ndipo chimene anaphunzitsidwa ndi dua: Allahumma innaka afuwwun tuhibbul afwa fa'fu anni, kutanthauza kuti Inu Allah ndinu wokhululuka, mumakonda kukhululuka, ndikhululukireni. Dua imeneyi siifuna wudhu (kudziyeretsa ndi madzi musanaswali). Tcherani alamu, dzukani pamene ena akudzukira swala ya usiku ya tahajjud, khalani pa mkeka muibwereze mpaka mtima ufewe, ndipo ngati muli ndi kangachepe patulani sadaka usiku uliwonse.

Kwa oyembekezera ndi oyamwitsa, chilolezo chosiya kumanga chilipo ngati mukuopera moyo wanu kapena wa mwana. Funsani adokotala za thupi lanu, ndipo za kubweza ndi fidya (dipo lodyetsa osauka) funsani shehe amene mumamudalira chifukwa apanso ma madhhab (magulu a kamvedwe ka malamulo a Chisilamu) amasiyana. Zonse zili pamwambazi ndi zanunso.

7. Eid, kenako kubweza

Tsiku la Eid musatsale m'nyumba. Umm Atiyya (RA) anasimba kuti akazi ankalamulidwa kutuluka pa Eid ngakhale amene ali kumwezi, amangopatuka pamalo poswalira koma nkukhala nawo pa dua ya Asilamu. Valani bwino, pitani.

Masiku anu aja muli ndi mpata mpaka Ramadan ina isanafike, ndipo sikuti mpaka akhale ondondozana. Mayi Aisha ankabweza mu Sha'ban, mwezi umene Ramadan imabwera pambuyo pake, nde amene wachedwa asadzione ngati wachimwa, koma ine ndimalangiza kuyamba msanga thupi lisanaiwale njala, chifukwa chaka cha Chisilamu ndi chachifupi ndi masiku 10 kapena 11 ndipo Ramadan imafika usanakonzeke. Tsiku la Eid lenilenilo nkoletsedwa kumanga. Ine ndimasankha Lolemba ndi Lachinayi, ndimapangana ndi mnzanga mmodzi timadzutsana daku pa foni, masiku 7 amatha mu masabata 4, nkufufuta pa kalendala paja limodzilimodzi.