Momwe mungayezere liwiro la intaneti musanakwiye kuti akuberani

Yambani ndi bandulo imene muli nayo. Ikakhala ya WhatsApp kapena Facebook yokha, tsamba loyezera silitseguka n'komwe. Pakufunika data wamba, ndipo kuyezako kumadya ndithu: foni ikakoka pa 20 Mbps (ma megabit pa sekondi, muyeso wa liwiro la intaneti) kwa masekondi 10, ma MB 25 apita, osawerengera za kutumiza. Wa bandulo ya tsiku limodzi asayeze kasanu motsatizana.

Tsekani YouTube ndi TikTok, muimitsenso ma update a Play Store amene amayenda mwakachetechete. Ngati muli pa MiFi (kachipangizo koikamo simu kogawa intaneti pa Wi-Fi), a m'nyumba aime kaye, chifukwa ngati mwana mmodzi akuonera makatuni kuchipinda, nambala yonse isokonekera. Kenako tsegulani fast.com, imene ndi ya Netflix ndipo imayamba yokha, kapena Speedtest ya Ookla, n'kudina GO. Mupeza nambala zitatu (pa fast.com mudine Show more info kuti zioneke zonse). Download ndi liwiro lokokera zinthu kubwera kwa inu, upload ndi lotumizira, ping ndi nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva (kompyuta imene ikukuyankhani poyezapo) n'kubwerako, imawerengedwa mu ms, ndipo 1,000 ms ndi sekondi imodzi. Ping ikhale yotsika. Ikadutsa 200 ms, pa Zoom mumayamba kulankhulana modulana mawu ngakhale download ili bwino.

Pamene anthu ambiri amagwa ndi pa chilembo chimodzi. Speedtest ikulemba 10 Mbps, koma mukamakopera fayilo mu Chrome mukuona 1.2 MB/s, ndiye mtima uli m'mwamba kuti kampani yanama. Sinaname. Chilembo b chaching'ono ndi bit, B wamkulu ndi byte, ndipo byte imodzi ili ndi ma bit 8. Liwiro la netiweki amalitchula mu ma megabit, pamene kukula kwa fayilo ndi bandulo amakutchula mu ma megabyte. Choncho nambala ya Speedtest muigawe ndi 8: 10 Mbps ndi 1.25 MB pa sekondi. Fayilo ya 500 MB itenga masekondi 400, kapena kuti mphindi 6 ndi masekondi 40. Pa 8 Mbps, 1 GB imatenga pafupifupi mphindi 17. Samalaninso ndi kanambala kamene mafoni ena amaonetsa pamwamba pafupi ndi batire, monga 600 KB/s. Kameneko ndi ma kilobyte. Chulukitsani ndi 8 mupeza 4,800 kbps, yomwe ndi 4.8 Mbps, yokwanira vidiyo ya 720p pa YouTube, imene imafuna pafupifupi 2.5 Mbps. Ya 1080p imafuna 5 Mbps. Chinanso, liwiro silichulukitsa bandulo. 1 GB ndi 1 GB basi, kungoti intaneti ikathamanga YouTube imakweza yokha chithunzi n'kuyamba kudya kwambiri.

Za ma MiFi ogulitsa pa mabenchi ku Old Town: pa katoni pamalembedwa 150 Mbps. Imeneyo ndi nambala ya pamwamba penipeni imene kachipangizo ka 4G ka mtundu umenewo kangafike zonse zitakhala bwino, osati imene mupeze ku Kawale madzulo. Wogulitsa akakuuzani kuti "iyi ndi unlocked, imadya simu iliyonse", ikanimo simu yanu ya Airtel ndi ya TNM pomwepo, muyeze musanapereke ndalama. Ma MiFi ena amabwera ndi batire yofufuma kale.

Musaweruze ndi kuyeza kamodzi. Yezani m'mawa cha m'ma 6 koloko, masana, ndi cha m'ma 8 usiku pamene Area 25 yonse ili pa foni ndipo nsanja imodzi ikugawira anthu ambirimbiri. Lembani nambalazo kwa masiku atatu, seva ikhale imodzimodzi. Zikatsika usiku wokha, ndi kuchuluka kwa anthu. Zikatsika nthawi zonse, sunthani rauta ikhale pa windo, muonenso ngati foni sinatsikire pa 3G kapena H+. Wi-Fi ya 5 GHz imathamanga koma siboola bwino khoma la njerwa, ya 2.4 GHz imafika patali. Zikakanika, jambulani ma screenshot, kadandauleni kaye kukampani yanu, akapanda kukuthandizani ndiye mupite ku MACRA.