Kasanthulidwe ka nkhani ya chikondi ndi ndalama mu Pride and Prejudice

Buku la Jane Austen lotchedwa Pride and Prejudice linatuluka m'chaka cha 1813 ndipo lili ndi mitu 61. Ophunzira ambiri kuno ku Zomba, kaya a ku Chirunga kaya a kusekondale, akafunsidwa za chikondi ndi ndalama m'bukuli amathamangira kulemba kuti chikondi chinagonjetsa chuma. Yankho limeneli silipatsa malikisi, chifukwa Elizabeth Bennet, amene akuti anasankha chikondiyo, anakwatiwa ndi mnyamata wolemera kuposa onse a m'nkhaniyi. Ngati mukulemba chimangirizo kapena kutsogolera gulu lokambirana, yambani ndi kuwerengera ndalama. Za chikondi zibwere pambuyo.

Tengani pepala, mujambule madanga anayi: dzina la mpangankhani, ndalama zake, kumene zinachokera, ndi amene adzazitenge iye akamwalira. Bambo Bennet, atate ake a Elizabeth, amapeza mapaundi 2,000 pa chaka kuchokera ku minda ya Longbourn (mutu 7). Bingley, mnzake wa Darcy, amapeza 4,000 kapena 5,000 pa chaka, ndipo chuma chimene bambo ake anamusiyira, pafupifupi mapaundi 100,000, chinachokera ku malonda (mitu 1 ndi 4). Darcy, amene anakwatira Elizabeth, amapeza 10,000 pa chaka ndipo ndi mwini wa Pemberley ku Derbyshire. Mlongo wake Georgiana ali ndi 30,000, Mary King 10,000.

Apa ndi pamene ambiri amasokoneza. Amuna eni minda amayesedwa ndi ndalama za pa chaka, pamene akazi amayesedwa ndi mpamba wonse umene adzalowe nawo m'banja. Mukaika manambala awiriwa pamzere umodzi, Georgiana aoneka wolemera katatu kuposa mchimwene wake, zomwe si zoona. Kuti mufanizire bwino, werengerani chiwongoladzanja cha mpambawo, chimene nthawi imeneyo chinali mapaundi 4 kapena 5 pa 100 alionse pa chaka. Collins, m'busa wachibale wa bambo Bennet, akufunsira Elizabeth m'mutu 19 akumukumbutsa kuti gawo lake ndi mapaundi 1,000 okha pa chiwongoladzanja cha 4 pa 100, ndiponso adzalandira mayi ake akamwalira. Ndiye kuti mapaundi 40 pa chaka. Ndalama zonse zimene zinaikidwa padera kuti zidzathandize mayi Bennet ndi ana awo ndi mapaundi 5,000 (mutu 50), zimene zingabale 200 kapena 250 pa chaka. Anthu asanu ndi mmodzi ozolowera moyo wa 2,000 adzagwa mpaka pa gawo limodzi mwa magawo khumi. Mukalemba masamu amenewa, phokoso la mayi Bennet lofuna kukwatitsa ana limasiya kuoneka ngati misala chabe.

Danga lachinayi lija lifunika kulifatsira, chifukwa mwambo wathu ukhoza kukusocheretsani. M'midzi yambiri ya boma la Zomba, pakati pa Ayao, Alhomwe ndi Amang'anja, mbumba imawerengedwa kuchikazi, mwamuna amapita chikamwini, ndipo munda umatsata ana aakazi. Bambo wa atsikana asanu sangadandaule kuti akadzafa ana ake adzasowa polima. Ku Longbourn zinthu n'zotembenuka. Malowo anamangidwa ndi pangano la lamulo lotchedwa entail, lonena kuti wolowa m'malo akhale mwamuna basi. Poti bambo Bennet alibe mwana wamwamuna, nyumba ndi minda zidzapita kwa Collins, wachibale wapatali amene sanamuonepo n'kale lonse. Musalembe kuti Collins akufuna kulanda katundu wamasiye. Kulanda kumene timakudziwa kuno ndi mlandu pansi pa lamulo la chuma chamasiye la 2011, pomwe Collins akutenga zimene lamulo la kwawo lamupatsa. Musalembenso kuti akazi onse a ku England sankalandira malo: Anne de Bourgh ndiye adzatenge Rosings, ndipo mayi ake, Lady Catherine, akunena okha m'mutu 29 kuti banja lawo silinaone chifukwa chomana akazi. Cholakwa cha bambo Bennet chili m'mutu 50: ankangodalira kuti mwana wamwamuna abadwa, ndiye sanasunge kalikonse.

Chinanso chosasakaniza ndi lobola. Ku chigawo cha kumpoto akuchimuna ndiwo amapereka kwa akuchikazi. M'bukuli chuma chimayenda ndi mkazi kulowa m'banja, ndipo pokhapokha patalembedwa pangano lochiteteza, chimasanduka cha mwamuna. N'chifukwa chake Wickham, mwana wa kapitawo wa bambo a Darcy, atamwaza mapaundi 1,000 amene bambo a Darcy anamusiyira ndi 3,000 amene anapatsidwa atakana ubusa, anayesa kuthawitsa Georgiana wa zaka 15, kenako n'kuyamba kuzungulira Mary King atangomva kuti walandira chuma.

Mukatha za ndalama, onjezani danga la ulemu wa banja, poti ziwirizi sizinkayendera limodzi. Wolemekezeka anali wodya za minda osagwira ntchito. Wamalonda, ngakhale akhale ndi ndalama zotani, ankamuonera pansi. Bingley amapeza kuwirikiza kawiri kuposa bambo Bennet, komabe Netherfield akungochita lendi, alibe malo akeake. Alongo ake amaseka Jane, mkulu wake wa Elizabeth, chifukwa malume ake, a Gardiner, amachita malonda kufupi ndi Cheapside ku London, kuiwala dala kuti chuma chawo chomwe chinachokera kumalonda. Umboni wamphamvu uli m'mutu 56. Lady Catherine, m'bale wa mayi ake a Darcy, atabwera kudzaletsa ukwati wa Darcy ndi Elizabeth, Elizabeth akuyankha kuti iye ndi Darcy ndi ofanana poti onse ndi ana a eni minda, ndipo mayiwo akuvomera za bambo ake koma n'kufunsa za akuchikazi kwawo. Ife a kuno funso loti "malume ako ndani" timalimva msanga, koma samalani: kwathu limafunsidwa pofuna kudziwa mwinimbumba woti akambe naye za ukwati, pamene Lady Catherine akulifunsa monyoza. Onaninso kuti a Gardiner onyozedwawo ndi amene Austen wawapatsa nzeru ndi khalidwe kuposa Lady Catherine.

Tsopano sankhani maukwati atatu oti mufanizire, osapitirira apo, kuopa kuti chimangirizo chingasanduke kufotokozanso nkhani yonse. Ife timalangiza wa Charlotte Lucas ndi Collins, wa Lydia (mng'ono wake wa Elizabeth) ndi Wickham, ndi wa Elizabeth ndi Darcy.

Pa Charlotte ophunzira amakonda kuweruza mwankhanza. Werengani mutu 22 modekha. Ali ndi zaka 27, alibe chuma chokwanira, si wokongola, ndipo mitima ya alongo ake aamuna yakhala pansi poti sadzamusunga mpaka ukalamba. Akudziwa bwinobwino kuti Collins ndi wotopetsa ndipo sakudzinamiza. M'mitu 28 ndi 30 taonani momwe wakonzera moyo wake ku Hunsford, kumene Collins ndi m'busa: amalimbikitsa mwamuna wake kukhala kudimba, ndipo iye wasankha chipinda chakumbuyo kuti asamasokonezedwe. Chimangirizo chabwino chimasonyeza zimene wapeza ndi zimene wataya, komanso kuti Elizabeth, wa zaka 20 ndi nkhope yabwino, anali ndi mpata wokana umene mnzakeyo analibe.

Wa Lydia ndi wachidule. Pali chilakolako, palibe ndalama, palibe ulemu. Wickham sanafune n'komwe kumukwatira mpaka Darcy atamulipirira ngongole zoposa mapaundi 1,000, kuwonjezera 1,000 ina pa gawo la Lydia ndi kumugulira udindo m'gulu la asilikali (mutu 52). Mfundo yofunika apa ndi yakuti manyazi a mtsikana mmodzi akadatsekera abale ake onse anayi mwayi wa banja.

Elizabeth akukana amuna awiri amene akadamuchotsa pa umphawi, Collins m'mutu 19 ndi Darcy m'mutu 34. Koma si munthu wonyoza ndalama. M'mutu 26 akumvera mayi Gardiner pomuchenjeza kuti asagwe m'chikondi ndi Wickham wopanda kanthu, ndipo m'mutu 27 iye mwini akufunsa kuti kusamala kumathera pati ndipo dyera limayambira pati. Funso limeneli lingakhale maziko a chimangirizo chonse. Msampha waukulu uli m'mutu 59, pomwe akuuza Jane kuti anayamba kukonda Darcy ataona kukongola kwa Pemberley. Ndi nthabwala, ndipo Jane akumupempha kuti alankhule zenizeni. Komabe musaitaye. Bwererani ku mutu 43 mukaone chimene chinamusintha kumeneko: umboni wa mayi Reynolds, wosamalira nyumba, woti Darcy amakhala bwino ndi antchito, ochita lendi minda yake ndi osauka. Chuma chikuonetsa khalidwe la mwini wake, ndiye n'zovuta kuzilekanitsa. M'mutu 59 womwewo bambo Bennet, amene anakwatira potengeka ndi nkhope n'kukhumudwa (mutu 42), akuuza mwana wawo kuti sangakhale pa mtendere ndi mwamuna amene samulemekeza.

Polemba, ndime yoyamba inene maganizo anu m'chiganizo chimodzi chimene wina angathe kuchitsutsa, mwachitsanzo kuti bukuli limadzudzula ukwati wopanda ulemu komanso wopanda ndalama, koma limapulumutsa Elizabeth pomupatsa zonse ziwiri. Ndime iliyonse yotsatira ikhale ndi mfundo imodzi, chochitika chimodzi, nambala ya mutu, ndi kutanthauzira kwanu. Kufanizira ndi za kuno kukhale ndime imodzi yokha, kapena osakuika n'komwe ngati funso silinapemphe. Musavutike kusintha mapaundi a 1813 kukhala makwacha. Zotsatira zake sizidalirika, ndipo kufanizira 40 ya Elizabeth ndi 10,000 ya Darcy n'kokwanira.

Onetsetsani kawerengedwe ka mitu m'buku limene muli nalo. Ena analisindikiza m'magawo atatu monga linatulukira poyamba, a mitu 23, 19 ndi 19. M'mabuku otere mutu 34 ndi mutu 11 wa gawo lachiwiri, mutu 43 ndi woyamba wa gawo lachitatu, ndipo mutu 56 ndi wa 14 m'gawo lomwelo.