Dilipi ya oxytocin poyambitsa matenda a kubereka: yambani pang'ono ndipo musachoke pambali pa mayi

Anzanga azamba, oxytocin, mankhwala okoketsa chiberekero, amene timabaya mayi mayuniti 10 mwana akangobadwa kuti asataye magazi ndi yemweyo amene angang'ambe chiberekero tikamupereka molakwika mwana adakali m'mimba. Poyambitsa matenda, mankhwalawa amalowa kudzera mu dilipi basi. Jakisoni ayi, chifukwa mukabaya simungathenso kuwabweza.

Musanapachike botolo, tsimikizani kuti mwana watsogoza mutu, nsengwa sinatseke njira, ndipo chipatala chanu chingathe kuchita opaleshoni zinthu zikavuta. Mayi amene anachitidwapo opaleshoni aonedwe kaye ndi dokotala. Mufunseni mwaulemu ngati wamwako mankhwala azitsamba a mwanamphepo. Ambiri amabisa poopa kukalipiridwa, koma mankhwala awiriwa akakumana m'thupi chiberekero chimakoka mopitirira muyeso.

Malangizo a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, ndi awa: sakanizani mayuniti 2.5 m'botolo la 500 ml la normal saline (madzi amchere a dilipi), muyambe ndi madontho 10 pa mphindi. Pakatha mphindi 30 zilizonse onjezani madontho ena 10, osapitirira 60. Cholinga ndi chakuti chiberekero chizikoka katatu pa mphindi 10, kulikonse kupitirira masekondi 40. Mukafika apa musaonjezenso, madontho apitirire pa liwiro lomwelo. Mukafika madontho 60 matenda asanakhazikike, konzani mayuniti 5 mu 500 ml, muyambire madontho 30. Mayi amene anaberekapo musamupatse mayuniti 10 m'botolo.

Ndikudziwa kuti usiku mumatsala awiri wodi yonse, koma mayi wa dilipi imeneyi sasiyidwa yekha. Ikani dzanja pamimba, wotchi m'dzanja linalo, muwerenge kwa mphindi 10 zathunthu. Kulira kwa mayi sikukuuzani mphamvu ya kukoka. Mverani mtima wa mwana mphindi 30 zilizonse, makamaka chiberekero chikangomasuka, ndipo lembani pa patogalafu, pepala lolembapo mmene matenda akuyendera. Onaninso madontho, chifukwa mayi akapinda mkono kapena kutembenuka liwiro limasintha.

Kukoka kukapitirira masekondi 60, kukachitika koposa kasanu pa mphindi 10, kapena kugunda kwa mtima wa mwana kukatsika pansi pa 100 pa mphindi, tsekani dilipi nthawi yomweyo, mugonekeni mayi chakumanzere, itanani dokotala.

Oxytocin amafooka ndi kutentha. Musungeni mu filiji pakati pa 2 ndi 8°C, osati m'thumba la yunifolomu kapena pa tebulo la m'chipinda choberekera.