Zochita ndi zovala zimene zikungokhala m'wadilopu osavalidwa

Atsikana ambiri akatsegula wadilopu m'mawa amadandaula kuti alibe chovala, chonsecho zovala zadzaza mpaka chitseko kukanika kutsekeka. Vuto limakhala lakuti zochepa zimene amavaladi zakwiririka pakati pa madiresi othina, masiketi oduka zipi ndi mabulauzi amene anagulidwira mwambo umodzi wokha. Choyenera kudziwa n'chakuti chovala chongokhala sichikusungika ayi, chikuwonongeka pang'onopang'ono, pakuti lasitiki amafooka ngakhale osavalidwa, thukuta lotsalira m'khwapa limasanduka madontho achikasu osachapika, ndipo chinyezi chimabweretsa chuku.

Sankhani tsiku limene simuli pa changu, mutulutse zovala zonse ndi kuziyala pabedi, kuphatikizapo za m'sutikesi ndi za m'zikwama. Musamangoziyang'ana, valani chilichonse, muime pagalasi, mukhale pansi, mukweze manja, kenaka mudzifunse chifukwa chenicheni chimene munasiyira kuchivala. Yankho la funso limeneli ndi limene lidzakuuzeni kopita chovalacho, ndipo apa m'pofunika kudziuza zoona. Kunena kuti “ndidzavala ndikadzachepa thupi” kapena “ndinagula modula” si chifukwa chokwanira, popeza ndalamazo zinapita kale, ndipo diresi limene limakukumbutsani tsiku ndi tsiku kuti silikukukwanani limangokuwawitsani mtima.

Zimene mukukayika nazo muzibweze m'wadilopu, koma mukoleke mahang'ala ake chotembenuza, ngowe zikuyang'ana kwa inu. Mukavala chovala n'kuchichapa, mubweze hang'ala yake mwa nthawi zonse. Pakatha chaka, nyengo yozizira ndi yotentha zonse zitadutsa, mahang'ala amene akadali chotembenuza adzakuonetsani zimene simuzifunanso.

Zovala zambiri zimasiyidwa pa zifukwa zazing'ono zimene telala angakonze mosavuta, monga batani lothothoka, zipi yophotchoka, mpendero womasuka kapena chiuno chokhwepa. Telala waluso angathenso kudula diresi kukhala siketi, kapena kufupikitsa jinzi yothetheka m'mawondo kukhala kabudula. Dziwani kuti kuchepetsa chovala chachikulu n'kosavuta, koma kukulitsa chothina kumadalira nsalu imene inatsala m'misoko, choncho tembenuzani chovalacho muone mkati musanapite nacho. Dziikireni malire a sabata ziwiri, chifukwa mulu wa zokakonzetsa ukakhalitsa umangosanduka katundu wina wongokhala.

Zimene zili bwino koma simuzikondanso mungathe kusinthana ndi anzanu, kugulitsa kapena kupatsa ena. Pogulitsa pa intaneti, chapani ndi kusita chovalacho, muchijambule masana pamalo owala, mutchule saizi, mtundu wa nsalu ndi chilema chilichonse chimene chili nacho, pakuti wogula amene mwamubisira dontho sadzabweranso. Popatsa ena, ineyo ndimaona kuti lamulo ndi limodzi: chimene mungachite nacho manyazi kupatsa mchemwali wanu musachipereke kwa wosowa, chifukwa naye ndi woyenera ulemu. Zovala zamkati zovalidwa kale musazipereke kwa aliyense.

Zothaitha musathamangire kuzitaya kudzala kapena kuzitentha. Lipoti la mu 2017 la bungwe la Ellen MacArthur Foundation, lolimbikitsa kuchepetsa zinyalala, linaonetsa kuti nsalu zimene zimakonzedwanso n'kukhala zovala zatsopano sizifika ngakhale 1 peresenti ya nsalu zonse zopangira zovala, ndipo nsalu ya poliyesitala, imene imapangidwa kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka, imatha zaka zambirimbiri osawola. Malaya a thonje amamwa madzi bwino, motero mukawadula amakhala nsalu zabwino zopukutira ndi zokolopera, pamene tizidutswa tofewa mungatiike m'mapilo.

Pali zina zimene n'zoyeneradi kusunga, monga chovala cha pa ukwati, cha pa tsiku lomaliza maphunziro kapena chimene munasiyiridwa ndi wokondedwa wanu. Zichapeni kaye ngakhale zikuoneka zoyera, chifukwa mphutsi za njenjete, zimene zimadya ubweya wa nkhosa ndi silika, zimakonda pamene pali thukuta ndi madontho a chakudya. Ziume ndithu musanazipinde, ndipo muziike m'thumba la nsalu m'malo mwa jumbo, imene imatsekera chinyezi mkati. Majuzi ndi zina zoluka muzipinde, pakuti pa hang'ala zimatamuka n'kutuluka nyanga m'mapewa. Timibulu toyera tothamangitsa njenjete tili ndi poizoni, choncho tiikeni pamene ana sangafikepo, ndipo zovala zimene zakhala nato muzichape musanazivale. Kawiri pa chaka muzizitulutsa kuti zipitidwe mphepo pamthunzi, chifukwa dzuwa lamphamvu limasulutsa mtundu wa nsalu, ndipo pozibwezera muzipinde mosiyana ndi poyamba kuti mizere yopindira isafooketse ulusi.