Momwe ana angathandizirane wina akavulala pang'ono

Ana inu amene mumasewera mpira wachikulunga m'mabwalo a fumbi ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Chilomoni, mukudziwa kuti tsiku silitha popanda wina kusupuka bondo kapena kupunthwa chala pamwala. Mabala otere amapola bwino ngati asamalidwa msanga, ndipo zida zake ndi zopezeka pakhomo: madzi oyera, sopo ndi kansalu kochapa bwino.

Choyamba, mnzanu akavulala mukhazikeni pansi, ndipo mmodzi mwa inu athamange kukaitana munthu wamkulu, kaya ndi amayi, aphunzitsi kapena aneba. Ana ambiri amabisa bala poopa kukalipiridwa, koma bala lobisidwa ndi limene limatukusira n'kuyamba kutuluka mafinya. Musanagwire pamene pavulalapo, sambani m'manja ndi sopo. Magazi a munthu wina sagwiridwa ndi manja chabe, choncho valani jumbo yoyera kudzanja ngati palibe magolovesi.

Ngati mnzanuyo wadzicheka ndi lezala kapena botolo losweka, pindani kansalu koyera, muike pabalapo, n'kupsinja mwamphamvu kwa mphindi 10 osasuzumira. Magazi akalowerera pansaluyo, musaichotse, koma musanjikepo ina pamwamba. Akasiya kutuluka, tsukani balalo ndi madzi ambiri mpaka mchenga wonse utachoka, kenako mumatepo pulasitala kapena mumange ndi bandeji. Dothi, phulusa ndi masamba otafuna siziyenera kufika pabala, chifukwa m'dothi ndi momwe mumakhala tizilombo toyambitsa kafumbata. Pachifukwa chomwechi, amene wabayidwa ndi msomali apite kuchipatala ngakhale kabowo kake kakuoneka kakang'ono.

Kupsa ndiye kumafuna kuti tifotokoze mofatsa, chifukwa apa ndi pamene ngakhale akuluakulu amalakwitsa. M'miyezi ya June ndi July, kuzizira kwa chiperoni kukafika mu Blantyre, ana amaunjikana pambaula kuotha moto, ndipo sipachedwa kuti mpoto wa phala kapena ketulo ya tiyi igudubukire pamwendo pa wina. Zikatero, thirani madzi ozizira pamalo opsawo mosalekeza kwa mphindi 20. Nthawiyi imaoneka yaitali kwambiri mwana akamalira, koma khungu limapitiriza kupsa mkati ngakhale phala litapukutidwa, ndipo madziwo ndi amene amachotsa kutenthako. Ngati kumpope kwauma, tungani madzi a m'ndowa ndi kapu n'kumathira pang'onopang'ono. Mwana wamng'ono mumufunditse mbali zina za thupi kuti asazizidwe.

Pamene mukuthira madziwo, vulani chibangili kapena mphete malowo asanatupe, koma chovala chimene chamatirira pakhungu musachikoke. Musapakepo mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira, dzira kapena majarini, ngakhale agogo atanena kuti ndi momwe ankachitira kale, chifukwa zinthuzi zimatsekera kutentha mkati ndipo zimavutitsa anamwino potsuka chilondacho. Ayisi wa mufiriji nayenso amawononga khungu lopsa. Matuza akatuluka musawaboole, ingophimbani ndi nsalu yoyera yopanda ubweya. Ngati malo opsawo ndi aakulu kuposa chikhatho cha mwanayo, kapena ali kumaso, m'manja kapena kumalo obisika, apite naye kuchipatala nthawi yomweyo. Ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene ambiri timachitcha Gulupu, kuli wodi ya anthu opsa ndi moto.

Kamfuno amaopsa ana chifukwa magazi amaoneka ambiri. Mnzanuyo akhale pansi, aweramitse mutu kutsogolo pang'ono, atsine mbali yofewa ya mphuno kwa mphindi 10 akupumira m'kamwa. Asagadamitse mutu, popeza magazi amatsikira kukhosi n'kumuchititsa nseru. Akapanda kusiya patatha mphindi 20, m'pofunika kuchipatala.

Amene wabinya phazi asiye kusewera, aliike pamalo okwera, ndipo mukulungepo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira. Musalikoke kapena kulipotokola pofuna kuliwongola. Akalephera kuponda, akamuone adokotala, mwina fupa lathyoka.

Kulumidwa ndi galu kokha sikuli m'gulu la kuvulala pang'ono, ngakhale mano atangokanda khungu. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo tsiku lomwelo munthu wamkulu apite ndi mwanayo kuchipatala chapafupi, monga ku Zingwangwa kapena ku Limbe, kuti achipatala aone za katemera wa chiwewe, matenda amene sachizika zizindikiro zake zikayamba kuoneka. Mukumbukirenso kuwauza akuluwo maonekedwe a galuyo ndi kumene anachokera.