Ultra ya m'mapiri: sungani ntchafu, dyetsani mimba

Ambiri amene amasiyira panjira mpikisano wothamanga wa ultra wa m'mapiri sikuti mpweya umawathera. Zimene zimawakhazika pansi ndi ziwiri, ntchafu zomwe zafa ndi kutsetsereka komanso mimba yomwe yakana chakudya. Ngati mukufuna kulowa masewerawa, yambani kusamala ziwirizi, za liwiro zibwere pambuyo.

Ultra ndi mpikisano uliwonse wopitirira makilomita 42.195 a marathon. Ilipo ya makilomita 50, ilipo ya 100, ilipo ya mamailo 100, omwe ndi makilomita pafupifupi 161. Koma m'phiri musamangofunsa kutalika kwa njira. Funsani kuti mukwera mamita angati, mutsika angati, ndipo akupatsani maola angati. Mpikisano wa UTMB (Ultra-Trail du Mont-Blanc), umene umayambira ndi kuthera m'tauni ya Chamonix ku France mozungulira phiri la Mont Blanc kudutsa France, Italy ndi Switzerland, ndi wa makilomita pafupifupi 170, koma zitunda zake mukaziphatikiza zimakwana mamita pafupifupi 10,000. Akatswiri amamaliza m'maola 20 kapena chapomwepo, pomwe anthu wamba amaloledwa mpaka maola opitirira pang'ono 46, ndiye kuti ambiri usiku umawapeza kawiri ali m'njira. Western States, ultra ya mamailo 100 ya ku California, yochoka ku Olympic Valley kukathera ku Auburn, imatsika kwambiri kuposa momwe imakwerera: mamita pafupifupi 7,000 otsika, 5,500 okwera. Munthu wosadziwa angaganize kuti imeneyo ndiye yophweka. Ntchafu zake zikamuuza zina.

Chifukwa chake n'chakuti pamene mukutsika, minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito ya mabuleki. Imakungika kwinaku ikutambasuka, ndipo phazi lililonse likagunda pansi timinofu ting'onoting'ono timang'ambika. Simumva msanga. Pa ola lachitatu mumakhala mukusekerera, mukudutsa anzanu ngati aima. Pa ola lakhumi ndi chiwiri mumapezeka mukutsika chammbali, mutagwira mwala, mwendo ukukana kupinda. Ubwino wake, minofu imeneyi imaphunzira. Mukaipweteka kamodzi pophunzira, kwa milungu ingapo yotsatira siiwonongeka kwambiri ndi ntchito yomweyo. Ndiye ine pokonzekera ndimapatula tsiku limodzi pa milungu iwiri iliyonse lotsika mwadala: kukwera moyenda, kutsika mothamanga, kubwereza mpaka ntchafu zitayamba kunjenjemera. Lomaliza la mtundu umenewu ndimaliika patatsala milungu itatu, osati pafupi kuposa pamenepo.

Kutsikako kuli ndi luso lake. Pondani pafupipafupi, osatambalala miyendo. Maso akhale mamita awiri kapena atatu kutsogolo, osati pa nsapato zanu, pakuti pamene mukuyang'anapo phazi lafikapo kale. Manja atambasuke pang'ono kuti musapendame. Mantha amakukokerani chagada, chidendene n'kumagunda pansi patsogolo panu, ndipo pamenepo mpamene mumatererera komanso kupweteka mawondo. Weramirani pang'ono kutsogolo, thupi likhale pamwamba pa phazi. Pa miyala yonyowa ndi mizu ya mitengo pondani mopepuka n'kuchokapo msanga.

Kukwera sindikuchulutsira mawu: yendani. Palibe manyazi. Kilian Jornet, amene wapambana UTMB kanayi, pamalo okwera kwambiri amayenda, ndiye inu mukuthamangiranji? Koma kuyendako kukhale kwa ntchito, masitepe aafupi, manja akukankha pamwamba pa mawondo, kapena ndodo ziwiri zikuthandiza. Lamulo langa ndi loti ngati sindingathe kuyankhula chiganizo chathunthu, ndiye kuti ndafulumira. Za ndodozo werengani malamulo kaye, chifukwa ku UTMB ambiri amanyamula koma mipikisano ina imaziletsa. Ndipo musayambe kuzigwira tsiku la mpikisano, zimatopetsa mapewa a munthu wosazizolowera.

Pophunzira werengani maola, osati makilomita. Makilomita khumi a pamsewu ndi khumi a m'phiri sapachibale. Kwa amene anamalizapo marathon, ndinganene kuti miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi ndi yokwanira kukonzekera ultra ya makilomita 50 mpaka 80, ndipo ndi pomwe muyenera kuyambira. Kuthamanga kwambiri kwa pamlungu kukhale kofatsa. Kumapeto kwa mlungu chitani ulendo wautali masiku awiri otsatizana, mwina maola anayi tsiku loyamba, atatu lachiwiri, kuti mudziwe kuyenda ndi miyendo yotopa kale. Ngati mumakhala kopanda phiri, chitunda chilichonse kapena masitepe a nyumba yosanja mungawabwereze, kwinaku mukulimbitsa miyendo ponjuta ndi kudzuka mutanyamula cholemera. N'kotopetsa maganizo, koma kumagwira. Milungu iwiri yomaliza chepetsani kwambiri. Mphamvu simungaiwonjezerenso nthawi imeneyo, mungangoiwononga.

Tsopano za mimba, zomwe anthu amazitenga mopepuka. Shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi amangokwanira ola limodzi ndi theka kapena awiri a ntchito yolimba. Kupitirira apo mumayendera zimene mukudya m'njira. Mlingo umene amalangiza ndi magalamu 60 mpaka 90 a chakudya chopatsa mphamvu (ma carbohydrate, monga shuga) pa ola. Kapaketi kamodzi ka jelo, kaphala kotsekemera ka othamanga, kamakhala ndi magalamu 20 mpaka 25, nthochi yapakatikati ilinso chapomwepo, ndiye werengerani nokha kuti ola lililonse likufuna zingati, maola makumi awiri kapena atatu. Mimba yosazolowera singalandire zimenezo. Iphunzitseni pa maulendo aatali aja, ndi chakudya chenichenicho chomwe mudzadye pa tsikulo. Wotchi yanga ndimaitchera kuti izilira mphindi 25 zilizonse, ndipo ikalira ndimadya, njala ilipo kaya palibe. Amene amadikira njala wachedwa kale.

Pakapita maola ambiri zotsekemera zimayamba kukola, kungoona paketi mtima umachita nseru. Apa mpamene zamchere zimapulumutsa: mbatata yophika yothira mchere, msuzi wotentha, buledi, mpunga. Nseru ikabwera, chepetsani liwiro poyamba. Thupi likamalimbana kwambiri, magazi amathamangira ku miyendo ndi kukhungu, matumbo n'kutsala opanda owathandiza, chakudya n'kungokhala m'mimba chikukhuthuka uku ndi uku. Yendani mphindi khumi kapena makumi awiri, dziziziritseni ngati kukutentha, imwani pang'onopang'ono. Mukasanza musataye mtima. Ambiri akasanza amapeza bwino. Dikirani pang'ono, yambani ndi kachidutswa kochepa.

Madzi imwani motsatira ludzu. Kuopa kuuma m'thupi kwachititsa ena kumwa mopyola muyeso mpaka mchere wa sodium m'magazi kuchepa, ndipo vuto limeneli limapha. Zala zikatupa, mutu ukamawawa, maganizo akamasokonekera pomwe mwakhala mukumwa kwambiri, musawonjezere madzi, onanani ndi achipatala a mpikisano. Mankhwala opha ululu a mtundu wa ibuprofen asiyeni kunyumba. Impso zimakhala zili kale pa ntchito yaikulu yosefa zotuluka m'minofu yowonongeka, ndipo mankhwalawa amachepetsa magazi opita kumeneko. Mkodzo ukada ngati chakumwa cha kola, mpikisano wanu wathera pomwepo.

Mipikisano yambiri ya m'mapiri imapereka mndandanda wa katundu amene muyenera kunyamula, ndipo amayendera zikwama. Ku UTMB mumafunika jekete yosalowa madzi yokhala ndi chipewa chake, matochi awiri ndi mabatire apadera, kachofunda kopyapyala kasiliva ka pangozi, wenzulo, foni, kapu yanuyanu, magolovesi, chipewa, zovala zophimba manja ndi miyendo, ndi madzi osachepera lita imodzi. Ena amadandaula kuti n'zolemera, n'kumagula kajekete kopepuka kongokwaniritsira lamulo. Ine ndimati gulani jekete yomwe mungaidalire mutathyoka mwendo pamwamba pa phiri, mukudikira thandizo maola atatu. Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, ndipo mukawonjezera mphepo, mvula ndi malaya onyowa ndi thukuta, thupi limazizira msanga modabwitsa. M'mwezi wa May 2021 ku Gansu, m'dziko la China, othamanga 21 anamwalira pa mpikisano wa makilomita 100 nyengo itasintha mwadzidzidzi ali pamalo okwera, ambiri atavala kabudula ndi malaya opepuka. Ena mwa iwo anali akatswiri. Valani jekete musanayambe kunjenjemera, chifukwa zala zikauma ngakhale zipi simungaikoke.

Longedzani chikwama mofanana nthawi zonse, kuti dzanja lizidziwa lokha. Ine thumba lamanzere ndi la chakudya, lamanja la zinyalala ndi foni, jekete imakhala pamwamba penipeni, ndipo zovala zouma ndimazikulunga m'pepala la pulasitiki. Nsapato zikhale zogwira pansi bwino ndi zokulirapo pang'ono, poti mapazi amatupa ndipo potsika zala zimagunda kutsogolo mpaka zikhadabo kuda. Wengani zikhadabo masiku angapo mpikisano usanafike. Pakani vaselini pakati pa ntchafu, m'khwapa ndi pomwe malamba a chikwama amakhula. Mukamva malo akuotcha kuphazi, imani pomwepo, vulani nsapato, chotsani kamwala, matani pulasitala. Mphindi zitatu zimenezo n'zochepa poyerekeza ndi thuza lomwe mudzalipondere makilomita 60.

Pa tsikulo, anthu amanyamuka ngati akuthawa moto. Asiyeni apite, akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Theka loyamba liyenera kukunyong'onyani, muzidzimva kuti mukuchedwa. Ku UTMB anthu amafika m'tauni ya Courmayeur ku Italy atayenda makilomita pafupifupi 80, koma mpata wa pamwamba pa phiri wa Grand Col Ferret, wa mamita opitirira 2,500, umakhala ukadali kutsogolo, pamodzi ndi zitunda zina za ku Switzerland. Musamaganize za mapeto, zingakufooketseni. Ganizani za malo othandizira otsatira basi, aja a m'njira omwe othamanga amapezako madzi ndi chakudya. Lembani pa kapepala nthawi yomwe malo alionse amatsekera, mukamate pa botolo, chifukwa mutu wotopa sutha masamu.

Musanafike pa malo othandizira, nenani mumtima zomwe mukachite: madzi, zinyalala, chakudya, mabatire. Chitani zomwezo n'kutuluka mukutafuna. Mukataya mphindi khumi pa malo khumi ndi asanu, ndi maola awiri ndi theka. Mpando uopeni, makamaka usiku pamene muli hema wofunda, msuzi ukununkhira, ndipo anzanu amene asiya akhala pamenepo atafunda mabulangeti, akuoneka okondwa.

Usiku njira imachepa, imangokhala kabwalo ka kuwala kwa tochi. Zizindikiro za njira nthawi zambiri zimanyezimira, ndiye muzikweza mutu kuzifunafuna. Mukayenda mphindi zingapo osaona ngakhale chimodzi, bwererani pomwe munachiona komaliza, musangotsatira tochi ya amene ali patsogolo, nayenso akhoza kukhala wosochera. Chakum'bandakucha ndi pomwe pamavuta: tulo, kuzizira, miyala imayamba kuoneka ngati anthu okhala pansi. Khofi kapena kola amathandiza ngati simunayambe kumwa molawirira. Pa mpikisano wa mausiku awiri, kugona mphindi khumi ndi zisanu pa malo othandizira, wina atalonjeza kukudzutsani, kumabwezera nzeru. Ndipo kukangocha mphamvu zimabwerera mosayembekezeka, n'chifukwa chake sindilola kuganiza zosiya kunja kuli mdima, kapena ndisanadye.

Maganizo osiyawo adzabwera ndithu. Siyanitsani kuwawa ndi kuvulala. Ntchafu zowawa, mapazi olemera, kulira popanda chifukwa, zonsezi zimatha kapena zimapiririka: idyani, valani chofunda, yendani mpaka malo otsatira, mukaganizire kumeneko. Koma kupweteka pachifuwa, kusokonezeka mutu, kunjenjemera kosaleka, mkodzo wakuda, kapena ululu wolasa pamalo amodzi pa fupa umene ukukula ndi sitepe iliyonse, zimenezo sizokambirana. Mukasiya, siyirani pa malo othandizira ndipo uzani oyendetsa mpikisano nambala yanu. Mukangokwera galimoto ya mnzanu osatsanzika, anthu adzakwera phiri usiku kukufunafunani.