LA musamamwe m'mimba muli gwaa

Abale anga a kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, Shire akangosefukira udzudzu umatipeza, ndiye akakupatsani LA, mankhwala a malungo aja, kuchipatala chonde muzimwera limodzi ndi kachakudya kamafuta. Phala lothira nsinjiro, mkaka, ngakhale mtedza wokazinga wodzadza dzanja ukwanira. Mwana woyamwa mungomuyamwitsa akangomwa.

Chifukwa chake nchakuti mu LA muli mankhwala awiri. Artemether amagwira msangamsanga, amapha tizilombo tambiri koma sakhalitsa m'thupi, pomwe lumefantrine ndi amene amatsala masiku angapo kumalizitsa totsalira, koma iyeyu salowa bwino m'magazi popanda mafuta, mukamwera madzi okha wambiri amangodutsa m'matumbo osagwira ntchito. Ndikudziwa malungo amachotsa chilakolako cha chakudya, komabe yesetsani ngakhale masipuni ochepa a phala.

Chinanso, tsiku lachiwiri thupi likapepuka musasiye ayi, tizilombo timakhala tisanathe. Mwani ka 6 konse masiku 3, kachiwiri pakatha maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo. Zosungira mwana wina mapilitsi otsala zija ndi zomwe zimabweza malungo, muwonongenso ndalama ya kabaza. Mukasanza mutangomwa kumene bwererani kuchipatala akakuuzeni chochita.